Makalata a Omvera: Kujambula Ukwati wa ku Famu

Moni nonse omvera kuno ku Zimbabwe, inu a mu Harare, ku Mbare, Mufakose, Dzivarasekwa, Mabvuku, Tafara ndi Epworth, osaiwala inu amene mukutimvera m'mafamu a ku Mazowe, Goromonzi ndi Norton. Sabata yatha tinakamba za kujambula ukwati wa ku famu mosaimika anthu pamzere, wojambula n'kumangotsata zochitika mmene zikuyendera. Makalata abwera ochuluka, tiyeni tiyambepo.

Bambo ena a ku Tafara afunsa: "Ndiye kuti chithunzi cha banja lonse sichikhalapo?" Chimakhalapo, bambo. Mumapatula mphindi 20 kapena 30, magulu osapitirira 10, mayina atalembedwa kale papepala. Nthawi yotsalayo wojambula sauzanso munthu kuti "yang'anani kuno".

Achemwali a ku Epworth akuti foni yawo ndi yapamwamba, kodi singakwane? Masana ikwana ndithu, achemwali. Dzuwa likangolowa, ovina adzatuluka osadziwika nkhope, chifukwa mumdima foni imachedwa kutseka chithunzi ndipo munthu amakhala atasuntha kale.

Tsopano kalata iyi ndiiwerenga yonse.

"Ndine mayi wa ku Mufakose. Mwana wanga wamkazi anamanga ukwati mu Ogasiti pa famu ina ku Goromonzi. Tinalipira wojambula wa tsiku lonse. Zithunzi zabwera zambirimbiri: mphete, nsapato, maluwa a patebulo, keke, ngakhale ng'ombe za eni famu. Koma mayi anga, amene analera mkwatibwiyo, alibe chithunzi ndi chimodzi chomwe chooneka nkhope. Tsiku lonse anali kuseri kwa nyumba, pamoto, kuyang'anira ophika. Ali ndi zaka zoposa 80. Anabwera kuno kuchokera ku Ntcheu ali mtsikana, ndipo mphamvu zawo zinathera m'minda ya fodya. Wojambula akuti iye amajambula zimene zachitika pamaso pake. Walakwa ndani?"

Pepani kwambiri, amayi. Nkhaniyi yandikhudza, ndipo ndiyankha mosapsatira. Wojambulayo walakwa, ndipo kulakwa kwake n'kwakukulu. Maso amaona kumene miyendo yawafikitsa. Ukwati wa ku famu umachitika malo atatu nthawi imodzi: m'chipinda mmene mkwatibwi akuvala, pabwalo pamene pali tenti, ndi kuseri kumene kuli moto. Amene wangoima patenti wajambula gawo limodzi mwa atatu. Kuseriko n'kumene kuli mapoto akuluakulu pamafuwa, mthiko wovundulira ndi manja awiri, mayi wina akupukuta thukuta ndi nsonga ya chitenje, agogo akudonthezera msuzi pachikhatho kuti alawe mchere. Munthu wodzitcha wojambula zochitika zenizeni n'kuphonya zimenezi, ntchitoyo sanaimvetse.

Komabe inunso a pabanja muli ndi kagawo kanu, ndikunena mwaulemu. Mlendo sangadziwe kuti mayi wovala duku amene akusonkhezera nkhuni ndiye mwini mbumba. Tikhale ndi chizolowezi ichi: kutatsala masabata awiri, ankhoswe a mbali zonse akhale pansi ndi wojambula, amulembere mayina a anthu 10 kapena 15 amene sayenera kusowa, ndipo amutumizire nkhope zawo pa WhatsApp. Pa tsikulo mumupatse wachinyamata mmodzi wa kuchimuna ndi wina wa kuchikazi, odziwa abale onse, oti azimunong'oneza kuti "awo ndi azakhali aakulu, awo ndi agogo".

Inu ojambula amene mukumvera, kuseri mupiteko katatu. Koyamba m'mawa moto ukuyatsidwa, kachiwiri nsima ikuvundulidwa, kachitatu alendo atadya, pamene ophika akhala pansi kuti nawonso adye. Ulendo wachitatuwu ndiwo umabala zithunzi zokoma, chifukwa mitima yakhala pansi ndipo nthabwala zayamba. Mukafika perekani moni kaye, kamera ili pansi. Khalani nawo mphindi khumi mpaka akuiwaleni. Tengani lenzi ya 35mm kapena 50mm, mufike pafupi. Lenzi yaitali yojambulira muli patali imatulutsa zithunzi zosonyeza kuti munajambula mozemba. Agogo akakhala pamphasa, inunso njutani kuti kamera ifanane ndi maso awo, chifukwa mukajambula mutaimirira mudzangotenga duku ndi mapewa. Khomo lolowera kuwala mu lenzi muliike pa f/2.8 kapena f/4, shutter, ndiye kuti liwiro lotsekera chithunzi, pa 1/250 kuti manja ovundula asafufutike, ndipo ISO, mphamvu ya kamera yomvera kuwala, ikwere mmene yafunira. Imani moti kuwala kuchokere kumbali kapena kuseri kwa utsi, pamenepo utsiwo umaoneka bwino osaphimba nkhope. Chinanso chimene chimagwetsa ambiri ndi ichi: kamera ikaona choyera chambiri, kaya ndi duku, diresi kapena nsalu ya tenti, imachepetsa kuwala, ndiye nkhope zathu zakudazi zimamira. Yezerani kuwala pankhope, wonjezerani +2/3 kapena +1, jambulani mu RAW, mtundu wa fayilo wosunga zonse zimene kamera yaona kuti mudzathe kukonza pambuyo pake, ndipo yatsani chenjezo lija lothwanima pamene poyera papsa, kuti nsalu ya diresi isataye maluwa ake.

Ndikulimbikira chonchi chifukwa ndikudziwa mbiri yathu. Makolo athu ambiri anachoka ku Nyasaland kudzagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi ya kuno, ena chitaganya cha 1953 mpaka 1963 chisanayambe, ena mkati mwake. M'mabanja ambiri chithunzi chokhacho cha agogo ndi cha pachitupa. Ukwati ndi tsiku limene munthu wa kamera yabwino amafika pamene iwo ali, atavala chitenje chawo chatsopano, adzukulu atawazungulira. Tsiku lotero n'kutha mphete itajambulidwa kakhumi, iwo osajambulidwa, ayi, zimenezo zisamachitike pakati pathu.

Nanga tsopano mutani, amayi? Choyamba, pemphani wojambulayo akuonetseni zonse zimene anajambula, kuphatikizapo zimene sanasankhe. Ojambula amapereka zochepa poyerekeza ndi zimene amatenga, ndipo mwina agogo ali kumbuyo kwa chithunzi china. Kamera ya 24 megapixel imatulutsa chithunzi cha 6000 kwa 4000, ndipo kachigawo ka 1800 kwa 1200 kodulidwa pamenepo kamakwana kutsukitsa chithunzi cha mainchesi 6 kwa 4 chooneka bwino. Chachiwiri, funsani atsikana amene ankathandiza kuphika, mafoni awo sanagone. Akamatumiza pa WhatsApp asankhe document, chifukwa njira yachizolowezi ija imafinya chithunzi. Chachitatu, diresi ilipo, suti ilipo. Mwezi uno usanathe, mkwati ndi mkwatibwi avalenso, apite kwa agogo, akhale nawo pakhonde dzuwa litapendeka, cha m'ma 4 koloko, akucheza ndi kumwa thobwa. Musadzanamize adzukulu kuti n'cha tsiku la ukwati, koma chijambulidwe. Ndipo kwa ine, wojambula uja abwere yekha osalipiritsa.

Makalata angapo, ochokera ku Mabvuku, Highfield ndi Ruwa, akudandaula chinthu chimodzi: zithunzi za akwati zatuluka zamdima. Abale anga, apa mundilole ndilalikire pang'ono. Vuto si kamera, vuto ndi kuchedwa kwathu. Kuno ku Harare dzuwa limalowa cha m'ma 5:30 mu Juni, cha m'ma 6 koloko mu Okutobala, ndipo cha m'ma 6:30 mu Disembala. Likalowa, theka la ola silitha mdima usanagwire. Kuwala kokoma, kofewa, kopaka udzu wouma ndi fumbi mtundu wagolide, kumakhala ola lomaliza lokha. Tsono pakhadi mwalemba 11 koloko, mkwatibwi akufika 2 koloko, kenako amalume aimirira n'kunena kuti "sindichulutsa gaga m'diwa", ndipo mphindi 40 zapita akadali pa mbiri ya agogo a agogo awo. Amalume timakukondani, koma dzuwa silidikira kuti mumalize. Perekani-perekani akamatha, kunja kuli bii, ndipo mlandu ukugwera wojambula. Lembani m'ndondomeko kuti kutatsala ola limodzi dzuwa kulowa, akwati achoka kwa mphindi 20 kukayenda m'mphepete mwa munda. Wotsogolera mwambo adziwiretu, aike nyimbo anthu azivina. Akwatiwo asauzidwe kaimidwe, angoyenda akucheza, dzuwa lili kumbuyo kwawo.

Masana nawonso ali ndi vuto lake. Mzinda wathu uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500, ndipo dzuwa likakhala paliwombo limaswa kwambiri, maso amalowa mumthunzi, pamphumi n'kung'anima. Ambiri amathawira pansi pa jakaranda kapena musasa, koma mthunzi wake ndi wamawangamawanga, nkhope zimatuluka ngati nkhanga. Funani mthunzi wathunthu, wa pakhonde kapena wa khoma la nyumba, anthu ayang'ane kunja kumene kukuwala. Ndipo inu alendo, mkwatibwi akamalowa, khalani pamipando yanu. Kuima panjira ndi foni m'mwamba n'kutchinga munthu amene banja lamulipira.

Mnyamata wa ku Dzivarasekwa amene akuphunzira ntchitoyi walemba kuti zithunzi zake zausiku zili ndi mizeremizere. Achimwene, magetsi athu ndi a 50Hz, ndipo mababu ambiri a LED amaphethira mofulumira moti diso siliona koma kamera imaona. Zimitsani silent shutter, ija yojambula mopanda phokoso, mubwerere ku shutter wamba, ikani 1/100 kapena 1/50, ndipo yatsani anti-flicker, yothana ndi kuphethirako, ngati ilipo. Akayatsa jenereta yesaninso, chifukwa kayendedwe kake kamasinthasintha. Ovina muwaimitse ndi flash. Mutenti yoyera lozani flash kudenga kuti kuwala kubwerere kofewa, koma pansi pa denga la udzu musataye batire: udzu umameza kuwala, kotsalako n'kubwerera kofiirira. Pamenepo ikani flash pa stand kumbali, ndi ambulera yoyera. Masana mutenti yomangidwa pakapinga, khungu limatengera kubiriwira kwa udzu, choncho yezani white balance, yomwe imauza kamera mtundu weniweni wa choyera, ndi pepala loyera musanayambe.

Wafunsanso zonyamula. Makamera awiri, imodzi yokhala ndi lenzi ya 35mm ina ya 85mm, kuti musamasinthe lenzi pamphepo ya fumbi ya Ogasiti ndi Seputembala. Mabatire anayi odzaza, osadalira magetsi a pa famu. Chithunzi cha RAW cha 24 megapixel chimadya 25 mpaka 30MB, ndiye khadi yosungira zithunzi ya 64GB imasunga pafupifupi 2,000. Kamera ikhale yolowa makhadi awiri, yolemba onse nthawi imodzi. Kuyambira Novembala mpaka Malichi musaiwale pulasitiki yophimbira kamera, mvula yamasana imabwera mwadzidzidzi.

Bambo ena a ku Mazowe akuti pa ukwati wa mwana wawo padzatuluka gule wamkulu. Wojambula apemphe kaye kwa akuluakulu a gule, aime pamene amuuza, ndipo kudambwe asayandikireko.

Womaliza ndi mkwati wa ku Ruwa amene akufuna drone, kandege kojambula zithunzi kali m'mwamba. Malamulo ake ali m'manja mwa bungwe loona za ndege la Civil Aviation Authority of Zimbabwe, ndiye funsani woiulutsayo akuonetseni mapepala ake, makamaka poti dera lanulo silili kutali ndi bwalo la ndege la Robert Gabriel Mugabe. Funsaninso eni famu chifukwa ziweto zimadzidzimuka nalo phokosolo, ndipo nthawi ya malumbiro ikhale pansi kuti mawu a abusa amveke. Makalata ofunsa za mgwirizano wolemberana ndi wojambula tiwawerenga sabata yamawa.