Oimba amene ankathamangitsa chithunzi: nyimbo za mafilimu opanda mawu

Amayi ndi abambo, komanso inu achinyamata amene mwakhala kumbuyoko, zikomo chifukwa chobwera. Nkhani yathu ikukhudza nthawi imene mafilimu analibe mawu, kuyambira mu 1895, pamene anyamata awiri apachibale a banja la Lumière anaonetsa filimu kwa anthu olipira ku Paris, mpaka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920. Anthu a m'filimu sankamveka polankhula, koma m'holo simunkakhala zii, chifukwa munsi mwa chinsalu munkakhala woimba piyano, ndipo m'nyumba zikuluzikulu za kanema za ku New York kapena ku Berlin munkakhala gulu lonse la mavayolini, malipenga ndi ng'oma.

Poyamba woimba piyano ankangoimba chilichonse chimene chamufikira m'mutu, moti zinkatheka kumva nyimbo yovinira pamene pachinsalu pali maliro. Pofuna kuthetsa chisokonezo chimenechi, cha mu 1909 kampani ya Edison inayamba kufalitsa malangizo osonyeza mtundu wa nyimbo yoyenera pa gawo lililonse la filimu. Pambuyo pake panatuluka mabuku akuluakulu a nyimbo zosanjidwa potsata zochitika, monga limene Ernö Rapée anatulutsa mu 1924, momwe woimba ankatsegula tsamba la kuthamangitsana, la chikondi kapena la mantha malinga ndi zimene akuona. Njira imeneyi inathandiza, ngakhale kuti inachititsa kuti mbala za m'mafilimu osiyanasiyana zizilowa m'nyumba za eni ndi nyimbo imodzimodzi.

Panalinso akatswiri amene ankapeka nyimbo yoyendera filimu imodzi yokha kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Mmodzi mwa oyambirira odziwika bwino anali Camille Saint-Saëns wa ku France, amene mu 1908, ali ndi zaka 73, anapekera nyimbo filimu yaifupi yofotokoza za kuphedwa kwa mtsogoleri wa banja lotchuka la Guise la m'dzikolo.

Apa ndi pamene ndikufuna kuti mumvetsetse, chifukwa ndi pamene panagona vuto lenileni la ntchitoyi. Makamera ambiri a nthawi imeneyo ankapukusidwa ndi dzanja, ndipo liwiro loonetsera filimu silinali lofanana paliponse. Woyendetsa makina ankatha kufulumiza filimu kuti gulu lina la oonerera lilowe msanga, ndiponso filimu ikaduka ankailumikiza itatayako tizidutswa. Nyimbo yolembedwa papepala siidziwa zonsezi. Motero wotsogolera oimba ankayenera kugawa maso ake pakati pa pepala ndi chinsalu, n'kumafulumiza kapena kubweza gulu lake kuti kulira kwa ng'oma kugwere pomwe chitseko chikumenyetsedwa. Amene munaonapo woimba ng'oma waluso pabwalo mukudziwa kuti maso ake amakhala pamapazi a wovina, ndipo wovina akasintha sitepe, manja nawo amasintha pomwepo. Kusiyana kwake n'kwakuti wovina amamva ng'oma n'kuidikira, pamene filimu siimva ndipo siidikira munthu.

Chitsanzo chimene ine ndimachiona kuti chinapambana ndi cha Edmund Meisel, amene anapeka nyimbo ya filimu ya Sergei Eisenstein yotchedwa Battleship Potemkin pamene inkakaonetsedwa ku Berlin mu 1926. Filimuyi imafotokoza za amalinyero a sitima yankhondo ya ku Russia amene anaukira akuluakulu awo mu 1905. Meisel anazindikira kuti mphamvu ya filimuyi ili m'kadulidwe ka zithunzi, choncho sanalimbane ndi nyimbo zokoma zoti munthu n'kumaziimba pobwerera kunyumba, koma anatsamira pa kugunda. Chakumapeto, pamene sitimayo ikuyandikira sitima zina za boma ndipo palibe akudziwa ngati ziombera kapena ayi, oimba amabwereza kugunda kumodzimodzi kofanana ndi kwa injini, kukukwererakwerera, mpaka woonerera amayamba kupuma motsatira makinawo.

Sikuti onse zinawayendera chonchi. Dmitri Shostakovich, amene ali mnyamata ankapeza ndalama poimba piyano m'nyumba za kanema za ku Leningrad, anapeka nyimbo ya filimu ya New Babylon mu 1929. Filimuyo inadulidwanso itatsala pang'ono kuonetsedwa, nyimboyo inali yovuta kwa magulu a oimba a m'nyumba za kanema, ndipo zithunzi ndi nyimbo zinasemphana, moti posakhalitsa ambiri anaisiya n'kubwerera ku nyimbo zawo zozolowereka.

Filimu ya The Jazz Singer ya mu 1927 itaonetsa kuti anthu akufuna kumva mawu, makampani anatembenukira kumeneko mwachangu, liwiro linakhazikitsidwa pa zithunzi 24 pa sekondi, ndipo oimba zikwizikwi a m'nyumba za kanema anachotsedwa ntchito m'zaka zochepa chabe. Luso lija silinafe lonse. Mu 1980 Carl Davis anakonza nyimbo yatsopano ya filimu yakale ya Abel Gance yonena za Napoléon, n'kutsogolera yekha gulu la oimba ku London kwa maola pafupifupi asanu, ndipo chionetsero chimenecho chinathandiza kudzutsanso mwambo woonetsa mafilimu akalewa oimba ali pomwepo m'holo.