Ine ndi Tawa m'chisanu cha ku Leeds

Moni nonse amene mukumvetsera. Pano nthawi ili cha m'ma 3 koloko usiku. Sabata yonseyi ndakhala ndikugwira ntchito usiku, ndiye ngakhale lero ndikupuma, maso akukana tulo. Mukamva kaphokoso koti fuu, fuu, musadabwe, ndikupopera madzi m'bokosi la mnzanga amene ndikufuna tikambe za iye lero.

Chiikireni chithunzi chija pa WhatsApp, mafunso sakutha. Inde, ndi njoka. Inde, ndi yanga. Ayi, mutu wanga uli bwinobwino. Amayi atachiona anandiimbira foni nthawi yomweyo. "Mwanangawe, ulendo wonsewo unali wokaweta njoka?" Mpaka lero tikamalankhula pa vidiyo amayamba afunsa ngati ndili m'chipinda chijachi, ndikati eya amati ndipite kukhitchini kaye.

Dzina lake ndi Tawa, kuchokera ku mawu oti utawaleza. Mtundu wake kuno amautcha rainbow boa, ndipo wangayu ndi wa mtundu wa ku Brazil, umene akatswiri amautcha Epicrates cenchria. Amene anayamba kuilemba m'mabuku a sayansi ndi katswiri wa zachilengedwe Linnaeus, mu 1758. Kwawo kwenikweni ndi nkhalango zonyowa za ku South America, makamaka chigawo cha Amazon. Ilibe ululu. Imapha mofanana ndi nsato, poikulunga nyama ndi kuifinya. Siikira mazira, imabereka ana amoyo. Ikakula imafika mita imodzi ndi theka, zina mpaka kuyandikira mamita awiri. Pali m'bale wake wa ku Colombia, Epicrates maurus, wocheperako thupi ndiponso wofiirira, amene anthu amati ndi wopirirako. Zimenezo ndinazimva nditagula kale.

Chimene chinandikopa ndi khungu. Masana mukaiona ili phee, ndi njoka yofiira ngati njerwa yokhala ndi mizere yakuda yozungulira pamsana. Koma kuwala kukangoigunda chammbali, thupi lonse limachita ngati mafuta atayikira pamadzi: buluu, wobiriwira, pepo, zonse zikuyenda pamene iyo ikuyenda. Mitundu imeneyi si utoto wa pakhungu ayi. Mamba ake ali ndi timizere tating'ono kwambiri tosaoneka ndi maso, ndipo ndi timeneto timamwaza kuwala. Ndinaiona koyamba kwa munthu wina woweta njoka kumapeto kwa 2021, kali kamwana kotalika ngati mkono wanga kuchokera pachigongono. Munthuyo anandifunsa ngati ndinawetapo njoka. Ndinati ayi. Anati ambiri amayambira pa corn snake kapena royal python, chifukwa zimenezo zimakhululuka ukalakwitsa. Ndinangogwedeza mutu ngati ndamva, maso ali pa kanjokako.

Kuluma kokha sikunandivute. Tiana ta mtundu umenewu timakhala tolusa, chilichonse chobwera kuchokera kumwamba timachiyesa mbalame yofuna kutidya. Tawa anandiluma kanayi mwezi woyamba, ndipo zimangokhala ngati wabayidwa ndi timinga, timadontho tamagazi pachala basi. Ndinaphunzira kumunyamula chapansi, modekha, mphindi zochepa, ndipo patapita miyezi anasiya. Chakudyanso si nkhani yaikulu. Amadya makoswe oumitsidwa mufiriji, ndimawasungunula m'madzi ofunda n'kumupatsa ndi chopanira. Ali wamng'ono ankadya kamodzi pa sabata, pano kamodzi pa masabata awiri kapena atatu. Akadya sindimugwira masiku awiri, apo ayi akhoza kusanza. Mnzanga amene timakhala naye nyumba imodzi anangopempha chinthu chimodzi, kuti makoswewo akhale m'kabokosi kawokawo kotseka, kolembedwa dzina langa ndi zilembo zikuluzikulu.

Pamene ndinagwa napo ndi pa chinyezi. Njoka imeneyi imafuna mpweya wonyowa, pafupifupi 75 mpaka 80 peresenti, ndipo kamwana kamafuna kuposa pamenepo. Ine ndinamva kuti kuno mvula siikata, ndiye ndinati nanga chinyezi chingasowe bwanji ku England? Zoona panja pamanyowa. Koma m'nyumba, chisanu chikafika, timayatsa ma radiator, ndipo amaumitsa mpweya gwaa. Ine ndemwe khungu linali mbuu, milomo yosweka, ndikudzola mafuta kawiri patsiku, osaganiza n'komwe kuti chimene chikundiumitsa ine chikuumitsanso iye. Bokosi limene ndinamugulira linali lagalasi lokhala ndi waya wa sefa pamwamba. Chinyezi chonse chinkangothawira pamenepo.

Mu January maso ake anachita mtambo, otuwa ngati mkaka wothira madzi, chizindikiro choti watsala pang'ono kufundula. Njoka yathanzi imavula khungu lonse kamodzi, ngati munthu akuvula sokosi. Tawa anafundula zidutswazidutswa. Ndikubwera ku ntchito m'mawa, ndatopa, jekete sindinavule, ndinamupeza ali ndi zigamba zouma kumsana, kansonga kamchira kali komangika ndi khungu lakale ngati kamphira, ndipo diso limodzi lili lophimbika. Njoka ilibe zikope, diso lake limatetezedwa ndi kamamba koonekera, ndipo nako kamayenera kuchoka pofundula. Kake kanatsalira. Nditayang'ana kachipangizo koyezera chinyezi, kanali pa 45.

Ndinachita manyazi, abale. Chinthu chosalankhula, chosalira, chinali chikuvutika masabata angapo pafupi ndi bedi langa. Galu akadwala amakudziwitsa. Njoka imangokhala chete.

Ndinamuika m'kabokosi kapulasitiki kokhala ndi thaulo lonyowa ndi madzi ofunda pang'ono, anayendayenda m'menemo theka la ola, ndipo zigamba zambiri zinachoka, chamchira chomwe. Chimenecho ndiye chinali choopsa, chifukwa chikakhalitsa chimatseka magazi mpaka nsonga ya mchira kufa. Diso sindinalikhudze. Ndinapita naye kwa dokotala wa ziweto, ndipo apa ndinaphunziranso kuti si dokotala aliyense amene amaona njoka, ndinachita kukwera sitima kukamupeza wodziwa zokwawa. Anachotsa kamambako mosavuta, kenako anandifunsa mafunso okhudza bokosi, ine n'kumayankha mutu uli pansi.

Ndinasintha zonse. Bokosi lapano ndi lapulasitiki yolimba, lotseka pamwamba, lokhala ndi timabowo tochepa tolowera mpweya. Pansi ndimayala makoko a kokonati operapera, ndipo pali kamphanga kodzaza ndere zonyowa komwe amakonda kugona. Mbale yamadzi ndi yaikulu yoti thupi lonse likwanemo. Koma musamve ngati ndikuti muthire madzi mpaka pakhale dambo. Pansi pakakhala chinyontho chosauma, mamba a kumimba amayamba kuwola. Mpweya ndiwo unyowe, pogona pakhale pofunda bwino koma posachita thope. Kupeza pakatikati pamenepo kunanditengera miyezi.

Chinanso chimene anthu sakhulupirira: njoka ya ku Amazon imaopa kutentha kwambiri. Imakhala pansi pa mitengo, pamthunzi, n'kumayenda usiku. Mbali yofunda ya bokosi ndimaisunga pa madigiri 28 kapena 29, mbali yozizira cha m'ma 23, ndipo chotenthetsera chili pa thermostat, kachipangizo kochizimitsa kutentha kukakwana, nthawi zonse. Kutentha kukapitirira 32 kwa nthawi yaitali, ikhoza kufa. Mukukumbukira 19 July 2022, tsiku limene dziko lino linadutsa madigiri 40 koyamba, ku Coningsby kutafika 40.3? Ine tsiku limenelo ndinazimitsa zonse, ndinatsitsa bokosi pansi m'bafa pamatailosi, ndikusinthasintha mabotolo a madzi ozizira okulunga m'nsalu. Anzanga akudandaula za sitima zoima, ine ndikuziziritsa njoka yochokera ku Brazil.

Za malamulo, kuno boa safuna laisensi, chifukwa Dangerous Wild Animals Act ya 1976 imakhudza njoka zaululu. Koma Animal Welfare Act ya 2006 imati woweta ali ndi udindo wopatsa chiweto malo ndi chakudya choyenera, ndiye zimene ndinachita mu January muja sizinali zongochititsa manyazi chabe. Mwini nyumba nayenso ayenera kuvomera, ndipo kupeza lendi uli ndi njoka si masewera. Ndikamugwira ndimasamba m'manja ndi sopo, chifukwa zokwawa zimatha kukhala ndi tizilombo toyambitsa matenda totchedwa Salmonella.

Mlongo wina anandifunsa ngati ndingamulangize kuyambira pa mtundu umenewu. Ndinati ngati amagwira ntchito ziwiri ndipo amasamuka nyumba chaka chilichonse monga timachitira ambirife, ayambe wadikira. Njoka iyi imakhala zaka 20, zina kupitirira. Tsiku limene ndinamugula, visa yanga inali itatsala ndi zaka zosakwana zitatu, ndipo sindinaziike pamodzi ziwirizo. Njoka za banja la boa zili pa mndandanda wa CITES, mgwirizano wa mayiko woyang'anira malonda a nyama zakutchire, kotero kutuluka naye m'dziko muno kumafuna zilolezo, si kungomuika m'chikwama. Amayi akandifunsa kuti ndibwerera liti, ndimatchula za ntchito ndi mapepala. Za Tawa sinditchula.

Taonani, watulutsa mutu m'kamphanga kake, lilime likuti lawilawi kunjaku. Madzi ake ndinasintha dzulo koma waloweramo kale ndi makoko. Ndisiyire pompa kaye, ndikatsuke mbale.