Kalasi ya akuluakulu ikangoti "eee tamva", musakhulupirire

Moni nonse, mwaswera bwanji. Ndati ndingojambula mawu chifukwa kuti ndilembe zonsezi zala zitopa, ndiye mupirire italikirapo pang'ono. Ndikulankhula makamaka ndi inu amene mwangoyamba kumene kuphunzitsa kalasi yamadzulo ya akuluakulu ija, kaya ndi ukalipentala, kuwotcherera, zamagetsi, kusoka, zonsezo. Mmodzi wa inu anandifunsa dzulo kuti akulu, anthu amenewa bwanji safunsa mafunso, ndikati mwamva onse amangoti eee, koma tikafika pa benchi palibe chikuyenda. Ndiye ndati ndiyankhire pano tonse timvere limodzi.

Eee ameneyo ndi wa manyazi. Munthu wa zaka 45, kunyumba ali ndi ana, kuntchito anthu amamupatsa ulemu, sangakweze dzanja pamaso pa kamnyamata ka zaka 19 nkunena kuti ine sindinamve, amangofa nazo mumtima basi. Ambiri sukulu anasiya kalekale ndipo sanasiye mosangalala, wina analephera mayeso, wina anasekedwapo ndi aphunzitsi pagulu, ndiye akangoona bolodi ndi choko mantha akale aja amadzuka. Funso loti "mwamva?" lisiyeni. Mupatseni tepi ndi pensulo, muziti bambo tandilemberani mamilimita 450 pa thabwa ili. Manja ake ndi amene akuyankheni.

Nkhani ya tepi yomweyi ine inandichititsapo manyazi. Ndinali ndi bambo wina, zaka cha mma 48, wofatsa, osajomba, sowo amagwira mokhazikika bwinobwino, koma thabwa lililonse akadula limaperewera kapena kupitirira ndi mamilimita awiri atatu. Masabata atatu ine ndikumubwerezera masamu, sentimita imodzi mamilimita 10, mita imodzi 1000, iye nkumangogwedeza mutu, ine mumtima nkumati koma mutu uwu ngouma. Tsiku lina ndinangoima pambali pake osalankhula kanthu. Ndikuona munthu akubweza nkhope mmbuyo kutalikirana ndi tepi, akufinya maso, kenako kuika chikhadabo penapake nkulemba mongoyerekeza. Timizere ta mamilimita tija samationa! Masamu amawadziwa kale munthuyo. Paja munthu akadutsa zaka 40 maso amayamba kukana zapafupi, kagalasi kamkati mwa diso kamayamba kuuma, madokotala amati presbyopia, ndipo nafenso tonse zitipeza. Nthawi yoweruka anzake atatuluka ndinati bambo tayesani magalasi angawa. Anayang'ana tepi ija nkuseka yekha, kuseka mpaka kugwira benchi. Masabata atatu ndinamutayira ine.

Ndiye sabata yoyamba muzikhala ndi maso pa zimenezi. Magetsi awale pamene munthu akuyezera, zolemba zomwe mukugawa zikhale za zilembo zikuluzikulu. Makutunso chimodzimodzi, amene agwira ntchito zaka zambiri pa phokoso amamva mwapatalipatali, phokoso la ma decibel 85 kwa maola 8 tsiku ndi tsiku limawononga makutu ndipo gulayinda imapitirira pamenepo. Zimitsani makina kaye musanalankhule, ndipo muzilankhula mutawayang'ana, osati mutafulatira mukulemba pa bolodi. Komanso alipo ena amene nthawi zonse amati ndaiwala magalasi, ndikawerenga kunyumba, pamene vuto ndi kuwerenga kwenikweniko. Ameneyo musamuimiritse kuti awerenge mokweza, mukatero mawa simumuonanso. Muwerengereni nonse ngati gulu, jambulani chithunzi, ndipo aloleni ajambule vidiyo pa foni pamene mukuonetsa ntchito, akakaonera kunyumba kakhumi palibe amuseke.

Kaphunzitsidwe kake tsopano. Njira imene ine ndimagwiritsa si yanga ayi. Nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, kuyambira 1940, mafakitale aku America amafunika kutulutsa katundu wambiri pamene amisiri ambiri akupita kunkhondo, ndiye analemba ntchito anthu oti makina sanawagwirepo, ambiri amayi, ndipo boma linakhazikitsa pulogalamu yotchedwa Training Within Industry. Akapitawo amapatsidwa kakhadi kakang'ono kolowa mthumba la malaya, masitepe anayi basi, ndipo nkhondo itatha njirayi inapita ku Japan, a Toyota anaitenga. Choyamba mukhazike munthu mtima pansi ndipo mufufuze zomwe akudziwa kale. Kenako muonetseni ntchitoyo sitepe imodziimodzi, mukunena pamene pali msampha ndi chifukwa chake. Kachitatu achite yekha, ndipo apa ndi pamene ambiri timadumpha, achite akulankhula, azikufotokozerani kuti pano ndikupanga chakuti chifukwa chakuti, akangokhala chete pa sitepe inayake dziwani kuti pamenepo mpamene sanamve. Kachinayi musiyeni koma muzibwerako kudzasuzumira. Ndipo pa kakhadi kaja panali mawu oti ngati wantchito sanaphunzire ndiye kuti mlangizi sanaphunzitse. Amawawa mawu amenewo, ine ndikakumbukira bambo wa tepi uja sindingawatsutse.

Pa sitepe yachitatuyo manja anu alowe mthumba. Ndikunena zoona, mthumba. Timakonda kulanda chida, munthu akangopendeka pang'ono ife tabweretsani kuno ndikuonetseni, mapeto ake ntchito wamaliza ndiwe mlangizi iye wangoonerera. Makamaka amayi amene abwera ku zowotcherera kapena zamagetsi, aliyense amafuna kuwathandiza, anzawo aamuna kuwalanda, mlangizi kuwalanda, temu nkutha asanamalizepo joini imodzi okha. Pokhapokha ngati wina avulala, lankhulani ndi pakamwa chida chikhale mmanja mwake.

Ndiye pali gulu lina, lovuta mwa mtundu wina, amene ntchito akuidziwa kale angobwera kudzafuna pepala la satifiketi. Munthu wawotcherera zaka 10, akudyetsa banja ndi ntchito imeneyo, inu mwamaliza koleji chaka chatha, ndiye mukamuuza kuti ndodo gwirani chonchi amangokuyang'anani. Malcolm Knowles, waku America amene anatchukitsa mawu oti andragogy, kutanthauza kaphunzitsidwe ka akuluakulu, cha mma 1968, mfundo yake inali yomweyi, kuti wamkulu amabwera ndi katundu wa zomwe wakumana nazo ndipo amafuna adziwe chifukwa chake asanavomere kuphunzira chinthu. Musakangane naye. Dulani zitsulo, iye awotcherere njira yake, inu njira yanu, mumange pa vayisi nkumenya ndi hamala mpaka zithyoke, kenako muyang'ane limodzi mkatimo kuti moto unalowa mpaka pati. Chitsulo chiweruze chokha. Ndipo konzekani, tsiku lina chothyoka msanga chikhala chanu, mukatero vomerani pagulu kuti apa mwandiposa bambo, kalasi yonse imamasuka tsiku limenelo chifukwa aona kuti kulakwa muno sikupha munthu. Amene akudziwadi muyeseni msanga, zomwe wakhoza asazibwerezenso, mayiko ambiri ali ndi dongosolo loyesa luso lomwe munthu anaphunzira pantchito nkumupatsa satifiketi, fufuzani ngati angalowe mmenemo. Mupatseninso wina wongoyamba azimuthandiza, ulemu umenewo amaufuna.

Koma pa chitetezo palibe zokambirana. Kuwotcherera kopanda helemeti nkumangotsinzina, kuchotsa gadi pa gulayinda kuti ikuchedwetsa, kugwira waya osayeza kaye ngati muli moto, zimenezo kaya wazichita zaka 20 osavulala muno ayi. Muuzeni mwaulemu, payekha, kamodzi, akabwereza achoke pa makina tsiku limenelo.

Masamu musawayambire pa bolodi. Mukangolemba Pythagoras theka la kalasi mitima yagwa kale. Tengani tepi, kuchokera pa ngodya mbali ino mamilimita 300, mbali iyo 400, pakati pa malo awiri mwalembawo pakakwana 500 ndiye kuti ngodya ili sikweya, achite pa fulemu yeniyeni kawiri katatu aone chitseko chikukhala bwino, dzina la mwini wakeyo mudzawauza pambuyo ngati mayeso akulifuna. Inchi imodzi ndi mamilimita 25.4, ilembeni pakhoma ikhale pompo chaka chonse, palibe chifukwa choti munthu azivutika kuiloweza pamene ntchito ikumudikira.

Kutopa. Anthuwa akamafika kwa ife tsiku lawo lapita kale, wina wachokera ku shifiti, wina anadzuka 4 koloko kukonzekeretsa ana. Mukalankhula mphindi 40 ataakhala pansi agona, ndipo si mwano. Ine sindipitirira mphindi 15 ndisanawaimiritse kupita ku benchi. Ndipo mphindi 10 zoyambirira abwereze ndi manja zomwe anachita ulendo watha, paja Hermann Ebbinghaus, katswiri wa zamaganizo waku Germany, anaonetsa kale mu 1885 kuti zomwe waphunzira zimathothoka kwambiri mmaola oyambirira ndi tsiku loyamba, ndipo kubwereza patapita nthawi nkumene kumazigwira. Nanga munthu woti wadutsa masiku asanu a ntchito ndi mwana wodwala pakati, mukuti akumbukira chani.

Kusiya sukulu kwa akuluakulu sikubwera ndi phokoso. Amajomba kamodzi chifukwa abwana amusinthira shifiti, kachiwiri mwana wadwala, kachitatu palibenso chifukwa, akungoopa kuti anzanga apita patali ndikaoneka mbuli. Ndiye akajomba kawiri motsatizana muimbireni foni, musadikire kaundula wa kumapeto kwa mwezi, ndipo poimbapo musayambe ndi munali kuti. Muziti mayi, taphunzira zakutizakuti, mukafike mphindi 20 kalasi isanayambe ndikuonetseni mufanane ndi anzanu. Akalowa mochedwa osamufunsa mafunso pakhomo anthu akuonerera, alowe avale ovolosi agwire ntchito, zinazo mukambirana poweruka. Masiku a mayeso apatseni koyambirira kwa temu kuti apemphe tchuthi kuntchito nthawi ilipo, ndipo zida musalembe mndandanda wautali kuti sabata yamawa aliyense akhale nazo zonse, auzeni ziwiri zitatu zofunika mwezi uno, zinazo abwereke za muwekishopu.

Mayeso enieni asanafike achiteni oyeserera, wotchi ili pakhoma, aliyense pa benchi yake, palibe kulankhula, kuti kunjenjemera kwa manja kuja kuthere kwa ife kuno. Ndaonapo amisiri abwino kwambiri akudula thabwa mbali yolakwika chifukwa choti munthu wachilendo waima kumbuyo kwawo ndi fayilo.

Batire yanga yatsala pang'ono. Amene muli ndi kalasi mawa madzulo, babu la pamwamba pa benchi yachitatu lapsa, musaikepo munthu woyeza pamenepo mpaka tisinthe, ndipo magalasi owerengera awiri ndasiya mu dirowa ya matepi, wina akawafuna angotenga osafunsa.