Maginito a Pafuliji ndi Malipiro Anga a ku Joni

Abale anga omvera, lero ndikulankhula ndili kwathu ku Chibavi, mvula ya ku Mzuzu ikuwaza pa malata, ndipo miyendo idakali yotupa ndi basi yochokera ku Joni. Ndafika chimanjamanja, malipiro a miyezi iwiri atsalira komweko. Bwana wathu, amene sindimutchula dzina, anatiuza kuti hard disk, bokosi la m'kompyuta losunga zolembedwa, momwe munali maola athu a ntchito, inafufutika chifukwa wina anaika maginito a pafuliji pamwamba pa kompyuta.

Bodza limeneli akanauza wina, osati ine amene ndatha zaka zisanu ndikuphwasula ma hard disk pamalo omwewo. Mkati mwake muli mbale yonyezimira ngati kalilole, yokutidwa ndi timibulu ta cobalt ndi platinum ta pafupifupi ma nanomita 10, pamene nanomita imodzi ndi milimita yogawidwa magawo 1,000,000. Kambulu kalikonse ndi kamaginito koloza kumwamba kapena pansi, ndipo maola athu analembedwa m'kalozedwe kameneko. Zitsulo zimenezi anazisankha dala chifukwa n'zouma mutu, sizitembenuka wamba. Ife tikafuna kufufuta zonse timagwiritsa ntchito makina otchedwa degausser. Komanso m'bokosi lomwelo mumakhala kale maginito a neodymium, amphamvu moti anandisiyira chipsera pa chala chachikulu, koma safufuta kanthu.

Nditamuuza zimenezi pamaso pa anzanga, bwana anasintha nyimbo, akuti kunali kutentha. Apa anakhudzako choonadi mosadziwa. Mu 1949 Louis Néel, katswiri wa sayansi wa ku France, amene analandira mphoto ya Nobel mu 1970, anafotokoza kuti kambulu kakachepa mopitirira, kutentha kokha kumakatembenuza uku ndi uku mpaka kaiwale kumene kanaloza. Koma opanga ma hard disk vutoli amalidziwa bwino, ndipo ofesi ya bwanayo ndi yozizira kuposa Mzuzu mu June.

Inu amene muli kunja, lembani maola anu m'kope tsiku ndi tsiku, chifukwa munthu wopanda mapepala okwanira alibe kokadandaula, ndipo mabwana ena amadziwa zimenezi kuposa ife. Ine sindinalembe, ndinakhulupirira kompyuta ya mwini wake.

Maginito amene anandipweteka aja ndabwera nawo. Amayi awatenga kale, akutolera singano pansi pa makina awo osokera.