Poizoni wa chuku sapsa ndi moto

Zikomo amfumu, zikomo amayi ndi abambo nonse. Funso lomwe afunsa amayi aja ndi lomwe lili m'mitima ya ambiri: chakudya chikadutsa masiku ake kapena chikayamba kuwonongeka, kodi kuchiphika kwambiri kumachikonza?

Moto umathandiza, koma uli ndi malire. Chakudya chikabwata bwino, tizilombo tambiri timafa. Koma tina timafa titasiya kale poizoni m'chakudyamo, ndipo poizoniyo sapsa. Mpunga wogonera pamalo ofunda mutha kuutenthetsa m'mawa, mwana n'kudya, pakangopita maola ochepa n'kuyamba kusanza.

Za m'golosale ndidutsa mwachangu. Pa paketi pakalembedwa kuti Best before, tsikulo likadutsa chinthucho chimangoyamba kuchepa kukoma, monga mabisiketi. Pakalembedwa Use by, monga pa soseji, tsiku likadutsa musadye, muphike musaphike. Chitini chotupa tayani, osalawa n'komwe.

Koma chomwe chimandisowetsa tulo ine chili m'nkhokwe zathu, ndipo chilibe paketi kapena deti. Ndikunena chuku. Mukaswa mtedza n'kupeza njere zokwinyika, zakuda, zina zili ndi kafumbi kobiriwira, zowawa m'kamwa, mmenemo mumatha kukhala poizoni wotchedwa aflatoxin. Mukazinge mtedzawo, musinje nsinjiro, muphike phala mpaka litakhathamira, poizoni akadali momwemo. Amawononga chiwindi pang'onopang'ono mpaka kuyambitsa khansa, ndipo ana odya zotere kawirikawiri sakula bwino. Poizoniyu akachuluka amapha msanga. M'chaka cha 2004, kum'mawa kwa Kenya, anthu 125 anamwalira atadya chimanga cha chuku. Chimanga chimenecho ankachidya chophika, amayi, osati chosaphika ayi.

Ndiye taonani zomwe timachita. Mtedza wabwino timagulitsa kwa mavenda, wosankhidwa wonyansa uja n'kusiya pakhomo kuti ndi wa nsinjiro, wa phala la mwana. Zimenezi zimandiwawa kwambiri. Ndikudziwa kuti kutaya chakudya m'mwezi wa February si nkhani yamasewera, njala sindikuipeputsa. Komabe mwana wa zaka ziwiri sangakhale wolandira zotsalira zovunda.

Ntchito yeniyeni ili pokolola. Yanikani chimanga ndi mtedza pamphasa kapena patenti, osati padothi, mpaka ziume gwa. Lekani kuwaza madzi mtedza kuti usweke mosavuta. Chinyezi chimenecho ndiye chimaitana chuku. Matumba asanjike pamitengo, asagunde khoma kapena pansi. Musanapite kuchigayo, khalani pansi ndi lichero musankhe njere zovunda.

Zomwe mwasankhazo musapatse ng'ombe yamkaka, chifukwa poizoniyo amadutsira mumkaka, ngakhale muuwiritse. Nkhuku nazonso zimadwala nazo. Kumbani dzenje, mukwirire.

Abambo kumbuyoko ndaona mwakweza dzanja, funsani.