Boti ndagula, msonkho ndapereka wonse

Abale anga, muli bwanji konse komwe mukumvera? A ku South Bend kuno ku America, a ku Indianapolis, a ku Joni, a ku Leeds, ndi inu a kumudzi amene mwaononga bandulo yanu kuti mundimve, zikomo. Lero ndikujambulira m'galimoto, ndangotuluka kumene ku BMV, ofesi ya boma yolembetsera magalimoto ndi maboti, risiti ili pamwendo pano. Kunyumba amake mwana agona, atuluka naiti m'mawa uno, ndiye nkhaniyi ndiyambe kuuza inu.

Ndagula boti. Ee, mwamva bwino. Mwana wa ku Senga Bay, amene ndinakula ndikukapa madzi m'bwato la bambo ndi chigubu chodula, lero ndili ndi boti la aluminiyamu la mafiti 16, injini ya Mercury ya mahosipawa 40, pamodzi ndi ngolo yake yokokera. Ndinaliona pa Facebook Marketplace, mwini wake bambo wachikulire wa ku Syracuse, kufupi ndi nyanja ya Wawasee, ulendo wa pafupifupi ola limodzi kuchoka kuno. Tinamvana $4,800. Zaka zitatu za madabulo shifiti, kunyamula nkhalamba usiku, kuzisambitsa, kuzitembenuza, msana kuchita kuwawa ngati wamenyedwa ndi musi. Nditaika dzanja pa chitsulo chija, chozizira, chonunkha nsomba ndi petulo, misozi inalengeza. Sindikubisirani.

Koma paja akuluakulu anati walira mvula walira matope. Kuno ku Indiana ukagula boti kwa munthu wamba, iye sakulipiritsa msonkho. Msonkho umakudikira pa kauntala ya BMV tsiku lomwe ukupita kukasintha taitolo, chikalata cha umwini wa boti, kuti likhale m'dzina lako. Ndi 7 peresenti ya mtengo womwe walembedwa pa pepala logulitsirana. Werengani nokha, 7 peresenti ya $4,800 ndi $336. Pamwamba pake pali za taitolo, za kalembera, msonkho wa boti wa chaka ndi chaka, ngolo nayo ikufuna nambala yake. Ndipo amakupatsa masiku 45 okha, ukachedwa pali chindapusa.

Tsono apa ndi pomwe pali nkhani. Bambo uja, tili m'garaja mwake, cholembera chili m'manja, akundiyang'ana n'kunena kuti, mnyamata, tilembe $1,500, aliyense amatero. Ananena mokoma mtima ndithu, ngati akundipatsa mphatso. Ndinawerengera mumtima. Msonkho ukanakhala $105. Ndikanapulumutsa $231. Abale, $231 ndi fizi ya mwana wa mlongo wanga, ndi feteleza wa mayi. Dzanja linanjenjemera, ndisaname.

Ndinatuluka panja kukaimbira achimwene ena a kutchalitchi kwathu, munthu amene wakhala kuno zaka zambiri kuposa ine. Dzina sinditchula, akudzidziwa, mwinanso akumvera. Achimwene, munandikhumudwitsa. Munati, iwe usapuse, lemba kuti wapatsidwa ulere. Kenako munati, kapena ukalembetse ku Michigan pa adiresi ya msuweni wanga wa ku Niles, kumeneko ndi 6 peresenti. Kusiyana kwake $48! Ndiname komwe ndimakhala chifukwa cha $48? Ndipo ndinu omwewo amene munandiuza chaka chatha kuti galimoto ija ili bwinobwino, ine n'kugula, giyabokosi n'kufera pa msewu wa US 31 chipale chofewa chikugwa, mwana ali kumbuyo akulira. Ndinaimba kanayi simunayankhe. Lamulungu tinakumana mukuimba kwaya, osandifunsa n'komwe kuti munafika bwanji. Zimenezo ndinakhululuka, koma sindinaiwale.

Chimene chimandipweteka pakati pathu ife Amalawi kunja kuno n'chimenechi. Malangizo a njira zachidule timagawana msanga kwambiri, koma zikavuta aliyense foni yake ili pa sailenti. Mnzako akakuuza kuti lemba bodza, funsa kuti siginecha ikhala ya ndani. Ikhala yako. Pa mapepala a BMV pali mawu pamwamba pa malo osainira, akuti ukulumbira kuti zomwe walembazo n'zoona, ndipo kunama pamenepo ndi mlandu. Mzungu wogulitsa boti uja anabadwira konkuno, akalakwa amulipiritsa, abwerera kwawo kukaonera mpira. Ine ndili ndi green card, chaka chamawa ndikufuna kulemba N-400 ya unzika, ndipo fomu imene ija imafunsa za misonkho, imafunsanso ngati unachitapo mlandu ngakhale sunagwidwe. Ndikakhale pamaso pa ofisala, dzanja m'mwamba, mtima ukugunda chifukwa cha $231? Ayi. Zaka zonse ndadikira mapepalawa, maliro a bambo anga ndinaonera pa WhatsApp chifukwa sindikanatha kutuluka. Sindingaike zonsezo pa juga.

Achinyamata amene mwangofika kumene, ndimvereni. Dziko lino limasunga mapepala. Kwathu ukanena mawu amauluka ndi mphepo, kuno chilichonse chili mu kompyuta, chimakudikira zaka khumi. Malonda a boti aja anali pa intaneti ndi mtengo wake, ndalama ndinatapa ku banki tsiku lomwelo. Tiyerekeze mawa boti labedwa, kapena lagundidwa pamsewu, ndikupita kwa a inshuwaransi kunena kuti linali la $4,800 pomwe pepala langa lomwe likuti $1,500. Ndidzatsutsana ndi ndani? Ndi dzanja langa lomwe. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakutsata, ndipo kuno mlomo wako ndi siginecha.

Bambo anga, Mulungu awasunge, bwato lawo loyamba anagula kwa munthu wa ku Nkhotakota. Panalibe pepala. Anaitana akuluakulu a padoko, anawerenga ndalama pamchenga anthu akuona, anagwirana chanza, basi. Umboni unali maso a anthu. Ndipo munthu amene ananama mtengo wa bwato kapena wa chilimira, doko lonse limadziwa, palibe amene amakweranso naye usiku kukawedza usipa. Ndimakumbukira nyali zija zitandanda panyanja ngati tauni, ife ana tili pagombe kudikira, mwera ukuwomba, mayi atafunda chitenje kumutu. Bambo akatsika, choyamba kugawa ndiwo kwa amene anathandiza kukoka, kenako ndiye kugulitsa. Sanabisepo nsomba pansi pa ukonde kuti ena asaone. Ndiye ine mwana wawo boti langa loyamba ndiliyambe ndi bodza?

Ndinabwerera m'garaja muja n'kunena kuti, bambo, lembani $4,800. Anandiyang'ana nthawi yaitali, anagwedeza mutu, analemba. Tinapita kumbuyo kwa boti kukaona nambala ya thupi la botilo, zilembo ndi manambala 12 zokhomedwa kudzanja lamanja, ndinawerenga chimodzichimodzi kufananiza ndi za pa taitolo. Chimenecho musaiwale, zina zonse mukuzidziwa kale. Pochoka anandiponyera majekete awiri oyandamitsa ndi nangula, akuti tenga, sindizifunanso.

Lero m'mawa ndinatenga nambala, ndinakhala pampando, ndinaitanidwa. Mayi wa pakauntala anatembenuza kakompyuta kuti ndione chiwerengero. Ndinalowetsa khadi. Zinawawa, eetu zinawawa, mwezi uno kumudzi ndatumiza theka ndipo mayi ndawafotokozera. Koma ndinatuluka pakhomo paja chifuwa chili patsogolo. Ndine mlendo m'dziko lino, koma palibe amene angandiloze chala pa boti limeneli. Manambala a kalembera oyamba ndi IN ndikamata ndekha mbali zonse ziwiri, ndi manja angawa.

Ena mukuti, boti la chiyani, bwanji osamanga nyumba ku Salima? Nyumba ikumangidwa, yafika pa windo. Koma inenso ndine munthu. Miyezi ya chisanu kuno imadya mtima, umachoka kuntchito kuli mdima, umapita kuli mdima. Ndikufuna dzuwa likabwera ndikhale pamadzi, mwana wanga aphunzire kunyambitsa mbedza, adziwe kuti agogo ake anali ndani. Kuno kuli kansomba kotchedwa bluegill, kakafupi, kathyathyathya, ukakang'amba n'kukawotcha ndi mchere ndi tsabola kamakukumbutsa makumba. Si chambo, chambo chilibe mnzake, koma nsima imatsika.

Laisensi yowedzera ya DNR, nthambi ya boma yoona za chilengedwe, ndagula kale. Loweruka likubwerali, nyengo ikalola, tikaliponya mu mtsinje wa St. Joseph cha ku Mishawaka, 6 koloko m'mawa. Malo alipo a anthu atatu, majekete ndili nawo awiri, wachitatu abwere ndi yake. Ufa ndi mbaula ndibweretsa ine. Achimwene a kukwaya aja, mukafuna bwerani, koma petulo mugula ndinu. Ndaona amake mwana akuimba, adzuka. Tionana sabata yamawa.