Galu wa ku Joni asamangodziwa "choka!" basi

Zikomo a tcheyamani, zikomo amayi ndi abambo nonse. Nthawi yachepa nde ndingolowa m'nkhani. Ine ndimagwira ntchito ya m'gadeni ku Randburg, agalu a abwana ndimayenda nawo ndine m'mawa uliwonse, komanso kwanga ku Rosettenville ndili ndi wanga. Zimene ndikambe pano ndaziona ndi maso angawa.

Kumudzi galu amadziwa mawu amodzi, "choka!" Amadya mkute, masana ali kudimba kapena kosaka ndi anyamata, pobwera watopa wangogona paphulusa. Malo ndi ambiri. Koma kuno yadi imodzi mabanja asanu, geti imodzi, ana akusewera pompo, panja magalimoto akuthamanga, nde galu uja mwangomutsekera mmenemo osamuphunzitsa kanthu, mukuganiza kuti mphamvu zakezo azipititsa kuti?

Wanga ndinamutenga ali kamwana. Ndikamabwera kuntchito ankandidumphira, ine nkumaseka, kumusisita. Atakula tsiku lina anadumphira mwana wa aneba akuchokera ku shopu ndi buledi m'manja, mwana anagwa chagada mutu pasimenti, magazi chuchuchu. Sanamulume ayi, ankasewera, ankangochita zomwe ndinamuzoloweza ine. Landilodi anati galu achoke kapena muchoke nonse. Usiku umenewo sindinagone, maso a mayi ake a mwanayo ndimawakumbukirabe.

Ndipo dziwani abale anga, malamulo a dziko lino sasewera. Galu wanu akavulaza munthu wosamuputa, mwini galu ndi amene amalipira, ngakhale munene kuti sindinafune. Mu 2020 khoti la apilo linagamula choncho pa nkhani ya bambo wina wa ku Port Elizabeth amene anadulidwa mkono atalumidwa ndi agalu atatu mumsewu. Palinso lamulo la 1993 loti chiweto chanu chikavulaza munthu chifukwa cha kusasamala kwanu mutha kulipitsidwa faindi kapena kukhala kundende mpaka zaka ziwiri. Ife ndife alendo kuno, milandu ngati imeneyi tiithawe.

Nde chofunika nchiyani? Mawu atatu okha, khala, bwera, siya, kuphatikiza kuyenda pachingwe osakukokani. Sizofuna ndalama izi. "Khala" mumatenga kachidutswa ka nkhuku, kuika pamphuno pake, nkukweza pang'onopang'ono kupita kumbuyo kwa mutu wake, iye potsatira ndi mphuno mbuyo imatsika yokha, ikangofika pansi mukuti "khala" nkumupatsa nthawi yomweyo, osati mudikire kaye, nthawi yomweyo. Mphindi 5 m'mawa, 5 madzulo. Galu amene wakhala pansi sangadumphire mwana, mwaona? Mlendo akagogoda pageti muyambe mwamukhazika galuyo.

Pa "bwera" ndi pamene ambirife timalakwitsa kwambiri. Galu waba nyama pambaula, mukumuitana mokoma, wafika, mwamukwapula. Mwamuphunzitsa chani? Kuti "bwera" ndi ndodo. Nde usiku wa New Year makombola akulira Joni yonse, kapena mabingu a mu Disembala aja, galu wachita mantha wapeza geti yotsegula, mukukuwa "bwera! bwera!" iye akuthawira kumsewu. Chonde, galu akabwera mutamuitana, ngakhale wakupsetsani mtima bwanji, muyamikireni. Dzanja lanu alidziwe kuti ndi la zabwino.

"Siya" ndiye opulumutsa moyo. Mukudziwa akuba kuno amaponya nyama yothira poizoni uja amati two-step, yemwenso ena amagula pamsewu kuti aphere makoswe. Mufumbate chakudya m'manja, anunkhize, anyambite, musatsegule, akangobweza mutu mukuti "siya" nkumupatsa china chochokera kudzanja linalo. Kenako muzichita zomwezo chakudya chili pansi. Sindikunena kuti zimuteteza usiku inu mutagona, nchifukwa chake ndi bwino azigona mkati kapena kuseri kutali ndi mpanda wa kumsewu, koma poyenda naye zimathandiza zedi.

Chichewa kaya Chizungu galu alibe nazo ntchito, bola pakhomo nonse muzinena mawu amodzimodzi. Osati bambo akuti khala, mayi akuti sit, ana akumukweza pampando.

M'mera mpoyamba. Kagalu kamazolowera zinthu msanga pakati pa masabata 3 ndi 14, nde nthawi imeneyo kaone ana, agogo a ndodo, munthu wovala chipewa, kamve phokoso la magalimoto, koma modekha, mutakanyamula. Pa miyezi itatu katemera wa chiwewe, limenelo ndi lamulo kuno, ndipo amabwereza. A SPCA, bungwe loteteza nyama, ali ku Booysens pafupi pompa, kafunseni. Galu wamkulu nayenso amaphunzira, zimangotenga nthawi, wanga uja anasiya kudumpha ali wamkulu kale.

Amayi, ichi chokha mundimvetsetse. Galu wamkota sakandira pachabe. Galu akachita grrr nkuonetsa mano akukuchenjezani kuti sindili bwino, mwina wadwala, mwina mwana akumukoka mchira. Mukamumenya chifukwa cha grrr uja, mawa sachenjezanso, angoluma. Chotsani mwanayo kaye kenako mufufuze chavuta nchani. Ana nawonso aphunzitsidwe kuti galu akamadya kapena akagona sagwidwa, ndipo khanda musalisiye lokha ndi galu olo akhale wofatsa chotani. Ndipo zomumanga patcheni tsiku lonse kuti akhale wolusa zija tisiye, galu wotero sasiyanitsa wakuba ndi mwana wanu.

Amene muli ndi agalu tionane panja tikamaliza, tigwirizane Loweruka loti tikumane, mubwere ndi chingwe ndi tizidutswa ta nkhuku ndikuonetseni ndi manja. A tcheyamani, ndabweza kwa inu.